Duwa la Paguwa ndi Foni ya Agnesi

LOLEMBA

Agnesi wabwera. Mwana wanga wachiwiri, wa ku Lilongwe, uja amapanga zinthu za m'mafoni. Watsika minibasi pa Mtakataka, kabaza mpaka pakhomo, kompyuta ataifukata ngati khanda. Ati tchuthi cha sabata imodzi. Koma si tchuthi ayi. Wadzera ine!

Nkhani yake ili chonchi. Anthu a m'tauni akugula maluwa a m'miphika, kuika m'nyumba, kenaka kuwapha. Ndiye iye akufuna kupanga kanthu ka m'foni, ati dzina lake apu, kokumbutsa munthu kuti lero thirira, lero chotsa padzuwa. Makina akuwadziwa. Maluwa sakuwadziwa. "Ababa, mutu wa apu imeneyi ndinu, ine ndine manja chabe." Ndamuuza kuti abwereze, amayi ake amve. Wabwereza. A Nachisale angoti "ehe," n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

Ine amene sindinakhalepo pabenchi la sukulu, kupatula ya kwacha ija, ndili kale ndi imvi. Ine! Zaka zonse zimene ndinasamala maluwa m'nyumba za anamwino ndi aphunzitsi ku Mua, palibe anandifunsapo nzeru. Ankangoti, thirirani apo, dulani apa. Lero mpaka foni ikudzafunsa.

Wandipatsa kope ili kuti ndizilembamo mmene maluwa akuonekera. Ndizilembamo zimene ndikufuna ine.

Maluwa amene ndili nawo pakhonde:
a m'zitini za mkaka, asanu ndi anayi;
a m'zigubu zodula pakati, atatu;
lija laminga limene mbuzi zinalilephera;
Ndolo.

Ndolo ndiye nkhani. Masamba aakulu a madontho oyera, kumsi kwake kofiira, timaluwa tolendewera ngati ndolo za mkwatibwi. Kanthambi kake ndinapatsidwa ndi asisitere ena okalamba asanabwerere kwawo. Kuno kuchigwa duwa lotere silikhala, kumatentha, koma kwa ine lakhala, ndipo likundifika m'chiuno. Chaka chilichonse ana akamalandira Ukaristia woyamba, Ndolo amakwera wilibala kukaima pafupi ndi guwa m'tchalitchi chathu. Sanajombepo. Chaka chino mwambowo ndi Lamulungu likubwerali.

Pali mayi Nabanda, oyang'anira zokongoletsa m'tchalitchi. Mwana wawo anawatumizira maluwa apulasitiki ochokera ku Joni, thumba lonse. Chaka chachitatu chino akudikira kuti Ndolo adwale. Adikira mpaka atopa.

Agnesi akuti apu iyesedwe pa duwa lovuta koposa onse. Ndati tenga Ndolo. Malamulo ake: sabata yonse ndisapise chala m'dothi, ndisanyamule mphika kuti ndimve kulemera. Foni ikalira ndithirire, isanalire ndikhale pansi. Apo ndiye tidziwa ngati foni ingathe yokha. Ndavomera. Nanga nzeru zili m'fonimo zikhala za yani?

LACHIWIRI

Tsiku la mafunso. Takhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa. Iye akufunsa, ine ndikuyankha bwinobwino, iye akugwira mutu.

"Madzi ochuluka bwanji?" Okwanira. "Pakapita masiku angati?" Akafuna. "Mumadziwa bwanji kuti akufuna?" Apa ndakhala tsonga, ndamuuza mwadongosolo:
chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri;
kunyamula mphika, wopepuka ndiye kuti wauma;
tsamba lam'munsi, limayamba ndilo kudandaula;
nyenje zikayamba kulira dzuwa lisanakwere, lero kuotcha, onjezako pang'ono.

"Ababa, foni ilibe chala. Ikufuna nambala." Chinthu chodula chonchija, chosatha kumva nyenje! Ndachimvera chisoni. Ndachipatsa nambala: mwezi uno wa Okutobala, kapu imodzi yaikulu m'mawa uliwonse. Wafunsanso kuti nanga masamba akalefuka? Ndati ndi ludzu limenelo, onjeza kapu. Walemba. Mawu anga alowa m'kompyuta ndikuona ndi maso angawa.

Kayendedwe kake nkotere. Sikisi koloko foni ilira, kulira kwa madzi odontha, tho! tho! Ukathirira udina batani lobiriwira lolembedwa kuti Ndathirira. Ukapanda kudina, pakapita maola awiri iliranso, kenaka iliranso, chifukwa anthu a m'tauni ati ndi oiwala.

Waika apu m'mafoni atatu kuti aone ngati ikulira mofanana: yake, ina yakale imene wandipatsa ine, ndi ya a Sitefano, akamwini athu, amuna a Rozina wanga woyamba, amene nyumba yawo ili kuseri kwa nkhokwe. A Sitefano alandira foni yawo ndi manja awiri atanjuta cha uko, maso pansi. Munthu waulemu. Zaka khumi pakhomo pano sindinawaonepo mano.

Madzulo chithunzi cha patsamba loyamba. Agnesi wati mphika wanga wadothi wada, sungaoneke bwino. Watulutsa chimphika choyera chapulasitiki chonyezimira, taika wadothi uja m'kati mwake, wosaonekanso. Ndaona kuti choyeracho chilibe bowo pansi. Ndati ndinene, koma wati dzanja langa lionekenso pachithunzi, likugwira tsamba. Ndathamangira kukavala jekete. Laoneka dzanja lokha, koma dzanja la munthu wovala jekete limadziwika.

LACHITATU

M'mawa. Tho! tho! Sikisi koloko yeniyeni. Ndinali nditakhala kale pampando ndi kapu m'manja. Ndathira mozungulira, osanyowetsa masamba. Tsopano batani.

Ndadina. Palibe. Ndadinanso. Palibe. Chala chachikulu, palibe. Ndapukuta pabuluku, ndanyambita, ndapukutanso. Galasi langondiyang'ana. Chala chimene chabzala maluwa theka la Mua, foni sikuchimva! Khungu lake linauma ngati chikopa cha ng'oma, mwina n'chifukwa chake.

Kumuuza Agnesi? Iyayi. Mutu wa apu sungalephere kudina apu. Komanso wanyamuka kale kupita ku Golomoti, ati kumeneko kuli magetsi ndi netiweki, sola yathu singadyetse kompyuta. Chachikulu n'chakuti ndathirira. Ikaliranso ilire, ine ndikudziwa.

Ndasiya foni pawindo, ndapita kumsika. Si kukadzitama ayi. Kukagula singano.

Amene ndawauza:
atelala, amene afunsa ngati ndilankhule pawailesi;
okonza njinga, amene ati ndiwapangire yawo ya matayala;
ogulitsa usipa onse a mzere woyamba;
akatekisiti, kawiri, chifukwa koyamba sanamvetse.

Singano ndaiwala.

Madzulo. Ndolo akuwala. Dothi likuoneka lakuda ndili chapatali, dzuwa lonse lija! Kapu imodzi yagwira tsiku lathunthu. Nambala yanga ndi yolondola. A Nachisale akuti, "Chinthu chanucho chalira tsiku lonse ngati mwanapiye wotayika." Ndawauza kuti za sayansi zimatero.

Agnesi pofika wayang'ana foni yake. "Ababa, simunadine?" Ndati ndinadina. Si bodza, ndinadinadi. Ndawonjeza kuti mwina ndi netiweki. Wagwedeza mutu, wavomereza. Kuno chilichonse ukanena netiweki anthu amakukhulupirira.

LACHINAYI

Tho! tho! Kapu. Batani lakananso. Lero ndayesa ndi chigongono.

Agnesi wabwereranso ku Golomoti kukafufuza chifukwa chake uthenga wanga sukufika. Wapita osamwa tiyi, nkhope ili gwa. Koma ndi mwana wanzeru, apezako china choti akonze.

Tsamba limodzi lachita chikasu, lagwa. Ndi lakale. Lachiwiri lagwa. Nalonso si lanthete.

Chala chikuyabwa. Ndikadutsa pakhonde chimangotsogola chokha. Ndaika manja m'matumba. Ndinalonjeza, ndipo ine ndikalonjeza ndalonjeza.

A Nachisale akudandaula kuti madzi akutha msanga m'mtsuko, apita kumjigo katatu. Ndati ndi dzuwa, tonse tikumwa kwambiri. Andiyang'ana, n'kutenganso ndowa.

Masana mayi Nabanda adutsa, ambulera pamutu. Njira ya kwawo si ino. Aima pampanda. "Ndamva Ndolo akuleredwa ndi foni masiku ano. Zabwinotu. Pakakhala chovuta mundiuze msanga, anga aja ndi ongopukuta fumbi." Ndawayankha mofatsa kuti duwa limene akuliona apoli sabata yamawa lidzakhala m'matumba a anthu a ku Lilongwe konse. "Bola Lamulungu likhale kutchalitchi," atero, n'kumapita.

Chakumadzulo masamba onse alefuka, agwetsa mapewa. Ndatsegula tsamba la malangizo monga anandionetsera Agnesi, Rozina ndiye wandidinira, ndamuuza kuti magalasi anga ali kutali. Palembedwa kuti masamba akalefuka ndi ludzu, onjezani kapu. Mawu anga enieni, m'zilembo zamakina! Ndawerenga katatu. Ndathira kapu. Munthu sungatsutsane ndi iwe mwini.

LACHISANU

Ndilemba mwadongosolo, chifukwa lero zachuluka.

Ndadzuka kusanayere bwino, tulo tinatha msanga. Ndakhala pawindo kudikira sikisi koloko. Pakhonde pakumveka fungo la kudambo. Udzudzu uli ng'waa pa Ndolo. Ndiyeno ndamva kulira kwa chule. Chule, mwezi wa Okutobala, pakhonde panga!

Tho! tho! kwa ine. Tho! tho! kuseri kwa nkhokwe. Ndisanaimirire ndaona munthu akubwera monyang'ama, nsapato m'manja, chigubu cha malita asanu paphewa. A Sitefano. Ayang'ana uku, ayang'ana uko, akhuthula chigubu chonse mwa Ndolo, khuthu! Ndatsokomola. Agwada pomwepo, chigubu chili m'manja.

Ndaitana onse pakhonde. Ndafunsa mmodzimmodzi, mosakweza mawu.

A Sitefano: chigubu m'mawa, china masana akaona kuti ndachoka, kuyambira Lachitatu. "Foni ikalira ndimati ndinu apongozi mukundituma." Nanga bwanji osathira kapu imodzi monga kwalembedwa? "Kapu imodzi kwa apongozi? Anthu akanati pakhomo pano pali mkamwini waulesi." Nanga batani? "Ndikanadina zikanaoneka ngati ndikudzitama." Ntchito ya mkamwini ati siilengezedwa.

A Nachisale: nthawi iliyonse chikalira ine kulibe, madzi otsukira mbale, theka la beseni. "Ndimati chikalandira madzi chitonthola. Sichimatonthola, ndiye ndimaonjeza." Batani? "Ndigwire ine, chiwonongeke, muzinena ine mpaka Khirisimasi?"

Agnesi, maso pansi: kapu imodzi Lachitatu madzulo, ina dzulo, poona kuti kwa iye sikukuoneka kuti ndathirira. "Ndimaopa kuti mwaiwala koma mukuchita manyazi kunena."

Kenaka onse atatu ayang'ana ine. Ndayang'ana nkhuku. Nkhuku zachoka. Ndanena. Ndatambasula dzanja, ndati chala ichi foni sichimva, ndipo sinachimvepo chiyambire.

Agnesi waseka mpaka misozi, kenaka sindikudziwa ngati kunali kuseka. "Masiku awiri ndikukalipira netiweki ya ku Golomoti, ababa!" Watenga dzanja langa, wayesa chala chilichonse pagalasi. Zinayi zakana. Kachala kakang'ono kakumapeto, kamene sikanagwirepo ntchito moyo wake wonse, foni yakamva nthawi yomweyo. Dziko ili!

Tatulutsa mphika wadothi m'chimphika choyera chija. Madzi anali odzaza mpaka m'khosi, obiriwira, onunkha. Chule wadumpha, wapita osatsanzika. Masiku atatu Ndolo wakhala ataima m'chithaphwi, ine ndikudutsa pomwepo manja ali m'matumba.

Ndapisa chala. Sindinafunse chilolezo kwa munthu. Chalowa chonse ngati m'phala. Tsinde pansi lada, ndikalifinya likungophwanyika.

Komabe ndinene chilungamo: nambala yanga inali yolondola. Kapu imodzi. Palibe angatsutse.

LOWERUKA

Ndamuzula m'mphika m'mawa. Mizu imene inali yoyera ngati ulusi yasanduka yabulauni, ikuterera m'manja. Ndadula yovunda, ndamuika m'dothi louma losakaniza ndi mchenga, ndamumangira kumtengo wansungwi kuti aime. Waima mpaka teni koloko. Kenaka wapinda pakati, pang'onopang'ono, ngati munthu wogwada m'tchalitchi, ndipo sanadzukenso.

Kunsonga kunali kusanavunde. Ndadulako tinthambi titatu ndi lezala latsopano, ndabzala m'zitini zamkaka, ndaboola pansi ndi msomali mabowo asanu asanu.

A Sitefano sanaoneke pakhomo. Koma nditatuluka ndapeza nkhuni zowaza mulu waukulu kukhitchini, mpanda wa kumunsi womangidwanso, ndi nkhuku yomanga miyendo pakhonde. Sindinawakwiyire. Anathira ndi mtima wonse, malita asanu asanu. Ndatuma Rozina akawauze kuti nkhukuyo tidyera limodzi.

Masana ndavala jekete, ndapita kwa mayi Nabanda. Ulendo waufupi, koma lero unatalika. Ndawapeza atayala kale maluwa awo pamkeka, akupukuta ndi kansalu konyowa. Ndiye kuti anamva. Pano nkhani imafika munthu usananyamuke.

"Pepanitu, odwala aja ali bwanji?" Ndati atisiya. "Ayi, zachisoni. Anali duwa labwino, kungoti lofuna zambiri." Andipatsa mpando, andipatsa thobwa. Akanandiseka bwenzi zili bwino. Potsiriza apempha wilibala yonyamulira mabotolo awo oikamo maluwa. Ndabwereka. Ndikanatani?

Pobwerera ndapeza Agnesi ali pamkeka ndi kompyuta, akufufuta zambiri. Wandiwerengera zatsopano. Munthu akangotsegula apu, funso loyamba: pakhomo panu mulipo angati amene angathirire duwa ili? Lachiwiri: kodi mphika wanu uli ndi bowo pansi? Ikalira kamodzi siiliranso tsiku limenelo. Ndipo siinenanso kuti thirirani, ikuti yambani mwaona dothi. Paja pa masamba olefuka walembapo kuti likhoza kukhala ludzu, likhozanso kukhala madzi ochuluka. Ndati ndimadziwa kale zimenezo. "Nanga Lachiwiri osanena bwanji?" Ndati sunafunse bwino.

Akuti anzake a kuntchito, onse ophunzira mpaka kumapeto kwa sukulu, palibe anaganizapo kuti duwa limodzi lingakhale ndi anthu anayi olikonda. Anapanga ya munthu mmodzi, foni imodzi, chitseko chotseka. Zimenezi zadziwika pakhonde panga. Ndamuuza kuti akanene choncho kumeneko, atchule ndi mudzi womwe.

"Ababa, ndakupherani duwa." Ndati iyayi, tinagawana, ndipo gawo langa ndi lalikulu. Sindinamuuze kuti Lachiwiri ndinaona kale kuti chimphika chija chilibe bowo. Zina munthu amasunga.

LAMULUNGU

Misa ya eyiti. Tchalitchi chodzaza mpaka pazenera. Ana ovala zoyera, makandulo m'manja, ena nsapato zazikulu zobwereka. Ayimba bwino.

Paguwa maluwa a ku Joni. Ofiira, achikasu, ena abuluu, mtundu umene Mulungu sanalengepo pa duwa. Ndakhala kumbuyo. Ndimayembekeza kuti anthu azicheuka, azinong'onezana kuti kodi chaka chino kwatani. Palibe wacheuka. Bambo mfumu pomaliza athokoza amene anakongoletsa, anthu aomba m'manja, mayi Nabanda aimirira pang'ono n'kukhalanso. Inenso ndaomba. Kawiri.

Panja nkhalamba imodzi yokha, ya kutsidya kwa mtsinje, yandigwira mkono. "Lija lolendewera lili kuti?" Ndati likupuma. Yati, "Ndimabwerera lomwe lija." Mwina imanama, koma ndalandira.

Agnesi wakwera minibasi ya masana. Akuti apu ituluka mvula ikayamba, ndipo chithunzi cha patsamba loyamba sasintha. Ndiye kuti Ndolo akhala ali moyo m'mafoni a anthu osamudziwa, ndi dzanja langa pambali. Foni yakale ija wandisiyira. Ndaizimitsa ndi kachala kakang'ono, ndaika m'sutikesi pansi pa mabulangete.

Kanthambi kuti kafike m'chiuno pamafunika zaka zitatu, ngati mbuzi, chiswe ndi achibale alola. Zaka zitatu za pulasitiki paguwa. Ndafunsa mawondo anga ngati adzakankhe wilibala nthawi imeneyo, sanayankhe.

Zitini zitatu zija ndachotsa pakhonde. Zili kuchipinda kwanga, pawindo la kum'mawa, kuseri kwa katani. Ziwiri zagona. Chachitatu madzulo ano chaimika tsamba limodzi, laling'ono ngati khutu la mbewa.

Sindinauze munthu. Akamva, athirira.